Moni wa Atate pa Kompyuta

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene ndinalemba imelo koyamba. Mgodi wa ku Kabwe unali utatsekedwa, koma atate, omwe kale ankakonza mapampu kumeneko, ankadzukabe m'mamawa, n'kupukuta nsapato, n'kukhala pakhonde pathu ku Kasanda kuyang'ana fumbi likuuluka. Tsiku lina mnzawo anawauza kuti kampani ina yomwe inagula mgodi kufupi ndi Kitwe ikufuna anthu, koma makalata apamanja sikulandira.

Anandikweza pa njinga mpaka m'tauni, ku kasitolo ka makompyuta. Ine ndinakhala pampando chifukwa Chingerezi ndinkakhoza kusukulu, iwo anaima kumbuyo kwanga atavula chipewa.

"Lemba kuti choyamba ndifuna kumva za moyo wanu, amayi kunyumba ndi ana," anatero.

Mnyamata woyang'anira sitoloyo anaseka. "Mudala, ivo ni va kumunzi. Apa ni 'Dear Sir' chabe, mwangena mu nkhani."

"Munthu ndimupemphe ntchito osamufunsa mmene wadzukira?"

Ndinasowa womumvera. Ndinalemba moni wa atate, n'kufufuta, n'kulembanso theka lake. Potsiriza padavutanso. Atate ankafuna "Your obedient servant", mmene agogo ochokera ku Ntcheu ankasainira kwa azungu a pamgodi. Mnyamata uja anati "Regards" ikwanira. Ine ndinkakumbukira kuti aphunzitsi anasiyanitsa "faithfully" ndi "sincerely", koma kusiyana kwakeko kunali kutandithawa. Ndinangondandalika mawu onsewo, ena pansi pa anzake, ndipo tinatumiza.

Titabwereranso kusitoloko tsiku lina, tinapeza yankho litabwera, lowaitana kukaonana ndi akampaniyo. Linayamba ndi "Hi Laisoni", n'kutha ndi "Cheers, Pat".

Dzina la atate loti Laisoni ngakhale amayi sankalitchula; kwa aliyense anali a Phiri. "Akundinyoza kapena akundikonda?" anandifunsa. Anafunsanso ngati Pat ndi bambo kapena mayi, ndiponso chifukwa chake munthu wa muofesi akutsanzika ndi mawu a pamowa. Zonsezi ine sindinkazidziwa. Pobwerera sanakwere njinga, anangoikankha, ine ndikutsatira.

Ku Kitwe anapita atavala jekete la kutchalitchi. Pat anali mtsikana wamng'ono, ndipo atate atamutchula kuti madamu, iye anawapempha kuti azingoti Pat. Lilime linakana. Anamaliza kucheza konse osamutchula kalikonse. Ntchito anawapatsa ya miyezi yochepa, kenaka anabwerera pakhonde paja. Kwa zaka zambiri ndinkadzifunsa ngati mulu wa mawu otsanzikira uja ndi umene unawachepetsera miyezi, ngakhale panalibe amene ananena choncho.

Lero ndimagwira ntchito muofesi ndipo maimelo ndimalemba tsiku lililonse. Ndimaona kaye mmene munthu wadzitchulira, n'kumupatsa ulemu wopitirirako pang'ono mpaka yekha atautsitsa. Koma chimene ndazindikira n'chakuti vuto la atate silinali Chingerezi. Pamgodi wakale ankadziwa yemwe ali pamwamba, yemwe ali pansi, ndi pomwe iwo aima. Eni atsopanowa ankawaitana ngati mnzawo, koma n'kuwalemba ntchito ngati mlendo wodutsa, ndipo moni woyenera munthu wotero atate anamwalira asanaupeze.