Buku lako la chigaza pachikuto

Chisomo mng'ono wanga, lero kwa ogulitsa mabuku akale m'tauni ndaona buku la chigaza pachikuto, longa lako lija. Mtima wandipweteka.

Ukukumbuka tikuyenda wapansi kuchokera ku Biwi, iwe uli Fomu 2? Unkandisimbira za nyumba ya mizukwa ya m'bukumo, uku ukuseka: "Achimwene, mantha ake ndi okoma, ukatseka buku amatha!" Posakhalitsa malungo anakugwira, ukubwebweta. Amalume anati ndi ziwanda za m'mabuku ako. Anawatentha onse pabwalo, n'kukutengera ku mapemphero masiku atatu m'malo mwa kuchipatala. Machesiwo ndinawapatsa ndine. Mpaka lero amalume amati chinali chifuniro cha Mulungu. Ayi, Chisomo. Mizukwa yako ija sinaphepo munthu. Tinakupha ndife.