Zala Zozizira za Matironi

Lero ku kiliniki ya ku Karama, kuno kudziko la Aarabu, komwe amatiyeza ife antchito a m'nyumba ngati tili ndi pakati tisanawonjezere viza, nesi watsegula botolo la sipiriti. "Yalla," watero m'Chiarabu pondifulumizitsa, akundikoka mkono. Fungo lakelo landibwezera ku sukulu ya atsikana ya Angilikani komwe ndinalowa ndili kamwana.

Teremu ikamayamba, tikangotuluka mu Misa, tinkaima pamzere pakhomo pa matironi titavala mapitikoti okha. Iwo ankapaka sipiriti m'manja n'kumatidina pamimba mmodzimmodzi. Zala zawo zinkazizira ngati chitsulo cha bedi. Ine ndinkati akufufuza njoka zam'mimba zomwe tatenga kumudzi.

Tsiku lina kutsogolo kwanga kunali Tadala wa Fomu 4, woyambitsa nyimbo kukwaya, amene ankandisamala ngati mng'ono wake. Anali ataphimba mimba ndi manja ake.

"Achemwali, musaope," ndinanong'ona. "Mankhwala ake sawawa kwenikweni."

Matironi anamudina, n'kumudinanso, kenaka anati, "Kavale. Ukandidikire ku ofesi."

Pofika madzulo matiresi a Tadala anali atapindidwa. M'tchalitchi tinapempherera odwala powatchula mayina, koma lake silinamveke. Ine ndinkalitchula chamumtima teremu yonse, kupempha Mulungu kuti aphe njokazo.

Nesi uja wanditenga magazi, wandimata thonje n'kuitana wina. Ndatuluka ndikuganiza za aphunzitsi athu a kwaya, bambo amene ankatsalira ndi Tadala ife tikabalalika. Iwo palibe anawaimika pamzere, ndipo anatiimbitsabe Aleluya mpaka ndinamaliza sukulu.