A M'nyumba Sawerengedwa

Achimwene anga ankagwira ntchito pakampani yogulitsa mabedi, matebulo ndi mipando. Abale ukamawafotokozera za ntchitoyo ankangogwedeza mutu, kenako n'kufunsa ngati angawabweretsere foni yakufa. Sankakonza mafoni. Ankasamala webusaiti ya kampaniyo. Desiki yawo inali kuseri kwa chitseko, moti aliyense wolowa ankayamba wawagunda nacho asanapereke moni. Kuofesiko ankawatcha a Mlondola, chifukwa ndiwo ankalondola mapazi a anthu obwera pawebusaitipo: walowera kuti, wayang'ana bedi liti, wadina batani logulira kapena wangosirira n'kuthawa.

Kuti zimenezi zidziwike pamafunika kumata timizere ta khodi, chilankhulo cha makompyuta, pamasamba a webusaiti. Timizereti amati matagi. Munthu akadina batani, tagi imakanena kuofesi kuti wina wadina. Kwa zaka zambiri achimwene ankamata matagiwa pamanja, tsamba ndi tsamba. Mayi wotsatsa malonda akafuna kudziwa ngati chithunzi chatsopano cha sofa chikukopa anthu, ankadzaima padesikipo n'kumawanyengerera. Kunyumba achimwene ankadandaula kuti anthuwa sawapatsa mpata wopuma, koma ine nkhope yawo ndinkaiona. Zinkawakomera. Munthu amene kusukulu ankadyera payekha kuseri kwa kalasi tsopano anali ndi anthu omudikirira.

Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti nzeru yowachotsera ntchito anabwera nayo okha. Anauza abwana kuti pali njira yachidule: kuika bokosi limodzi m'masamba onse, ndiye matagi n'kumaponyedwa m'bokosimo kuchokera pamalo amodzi, osakhudzanso khodi. Abwana anafunsa ngati munthu wosadziwa khodi angakwanitse. Achimwene, ndi mtima wawo wachibwanawo, anati ngakhale mwana wa pulayimale akhoza. Atandiuza ndinawafunsa kuti nanga iwo adzatsala ndi chiyani. Anandiseka, amvekere vuto langa ndimakayikira aliyense.

Ntchitoyo anaigwira ngati akumanga nyumba yawoyawo. Tagi iliyonse anaipatsa dzina lomveka, kuti wobwera m'mbuyo asasochere. Sankatulutsa tagi asanaiyese, ndipo akaiyesa ankaiyesanso. Mayi wotsatsa malonda uja anamukhazika pambali pawo n'kumuphunzitsa zonse, osasungako ngakhale kanthu kamodzi koti azidzafunsidwa. Lamulo lawo loyamba linali lokhudza antchito. Anthu a pakampani amatsegula webusaiti yawo tsiku lonse, ndiye ukawawerenga pamodzi ndi ogula, ziwerengero zimanama. Choncho anauza bokosilo kuti lizitseka maso likaona intaneti ya kuofesi, ya kunyumba kwa abwana, ndi ya kunyumba kwawo komwe, popeza nthawi zambiri ankamalizira ntchito patebulo lodyera.

"A m'nyumba sawerengedwa," ankatero. "Timawerenga alendo okha."

Mawuwa anafika mpaka kukhitchini. Kukabwera alendo makapu n'kuperewera, alamu ankapatsa achimwene tiyi m'kapu yothyoka chogwirira n'kuwakumbutsa lamulo lawo, tonse n'kufa nazo kuseka.

Bokosilo linagwira ntchito bwino kwambiri, ndipo vuto linali pomwepo. Padesiki paja panasiya kuima anthu. Achimwene ankati zimenezi zikusonyeza kuti anaphunzitsa bwino. Kenako m'mawa wina abwana anawaitana, n'kuwathirira tiyi m'kapu ya alendo. Anawayamikira mpaka mawu kutha. Anati zinthu tsopano zikudziyendera zokha chifukwa cha luso lawo, ndipo kampani siingasunge munthu pongoyang'anira chinthu chosawonongeka. Pakadzavuta adzawaimbira. Asanafike n'kunyumba komwe, pasiwedi yawo inali itasiya kale kutsegula bokosi lija.

Mawu akuti adzawaimbira aja achimwene anawatenga ngati lonjezo la ukwati. M'mawa uliwonse ankavala malaya osita, kukhala patebulo lodyera, foni pafupi, n'kutsegula webusaiti ija ngati wogula wina aliyense. Ankadina tsamba ndi tsamba, kuika bedi lomwelomwelo m'basiketi, kufika pabatani lolipirira n'kutuluka. Ankauza alamu kuti akungoona ngati masamba akutseguka bwino. Ine ndinkaona ngati akugogoda kuti a m'katimo awaone. Amuna anga anawapezera malo pasukulu ina, kosamala makompyuta. Anakana. Anati sangamangike kwina pamene kwawo akhoza kuwafuna tsiku lililonse. Kwawo! Ndinapsa mtima koopsa, chifukwa ana anali atayamba kufunsa mayi awo kuti bwanji adadi amavala koma sapita kulikonse.

Tsiku lina ndinakumana ndi mayi wotsatsa malonda uja pamzere mufamase. Si munthu woipa ayi, ndipo anafunsa za achimwene mwaulemu. Anati matagi tsopano amaika yekha, palibe chovuta, ndipo padesiki paja anaikapo makatoni a mapepala. Ndinamufunsa ngati saona munthu wina amene amabwera m'mawa uliwonse n'kusiya bedi m'basiketi. Anatulutsa foni, kusuntha chala uku ndi uku, n'kupukusa mutu. Panalibe munthu wotero. Apo m'pamene ndinakumbukira lamulo lija. Ndinamufunsa za malo amene bokosi limauzidwa anthu oti lisawawerenge. Anati kumeneko sanatsegulekonso chiphunzitsidwire, ndipo anali ataiwala n'komwe kuti kuliko.

Ndinapita kwa achimwene ndi cholinga choti ndiwapweteke, kuti mwina angadzidzimuke n'kukalandira ntchito ya pasukulu ija isanapite. Ndinawapeza patebulo pomwe paja, bedi lili kale m'basiketi. Sindinazungulire. Ndinawauza kuti padesiki pawo pali makatoni, kuti palibe chawonongeka ndipo palibe chidzawonongeke, kuti miyezi yonseyi akhala akugogoda pakhomo pamene palibe akumva.

"Sakukuonani, achimwene. Ngakhale kamodzi sanakuonenipo."

Dzanja lawo linali likadali pamausi ya kompyuta. Ndinkayembekezera kuti akwiya kapena agwetsa misozi. M'malo mwake nkhope yawo inawala ngati mmene inkachitira pamene anthu ankaima padesiki paja.

"Mwati sindikuoneka? Mayiyo anayang'anadi bwinobwino?"

Ndinati anayang'ana ine ndikuona.

"Ndiye kuti sanandichotse, achemwali," anatero motsitsa mawu. "Ndikadali wa m'nyumba."

Ndinafuna kuwauza kuti kusachotsedwako si chikondi, anangowaiwala basi. Alamu anali ataima pakhomo la kukhitchini, ndipo anandiyang'ana n'kupukusa mutu pang'ono kuti ndisanene. Ntchito ya pasukulu ija anapatsa munthu wina sabata yomweyo. Achimwene malaya amasitabe m'mawa uliwonse.