Mkuwa wa Mphenzi Unathera M'mikono

Ndinaganiza zopita ku Halale tsiku limene tinkakwirira ng'ombe zathu. Mphenzi inagwa pakhola masana, mvula isanalimbe n'komwe, ndipo zonse zinagona pamodzi miyendo ili m'mwamba. Nyama ya mphenzi sitidya kwathu, choncho tinakumba dzenje n'kutayamo chuma chonse chimene bambo anatisiyira. Msonkho wa nyumba unali pakhomo, mlongo wanga Ndaziona anali kukula, ndipo ine Zuze, mwana wamwamuna yekhayo, ndinatsala ndi khasu basi.

Koma chimene chinkandidya mtima sichinali ng'ombe. Nyumba ya amayi inali pamwamba penipeni pa chitunda, kumtunda kwa Bembeke, malo amene mphenzi inkawayesa kwawo. Inali itang'amba kale mtengo wa msuku kuseri kwa nkhokwe. Mabanja ena onse anatsikira kufupi ndi dambo, amayi okha anakana. Ife Angoni mwamuna timamuika pambali pa khola lake, ndipo bambo anagona pomwepo.

"Ndiwasiye okha bambo ako pamphepo pano?" anatero amayi. "Zimenezo udzamuuze mkazi wako ukadzakwatira."

Bambo aang'ono, a Chidzanja, anali ndi yankho lawo: mphenzi imachita kutumidwa ndi munthu. Anabwera ndi nyanga yodzaza mankhwala n'kuisomeka padenga. Nditawafunsa ngati pakhola panalibe nyanga ngati yomweyo, anandiyang'ana ngati ndawatukwana. "Ija inali itasuluka," anatero. Ndinamanga kamtolo kanga mtima uli wowawa.

Tinayenda wapansi pagulu, kudutsa dziko la Apwitikizi, kuwoloka Zambezi, mpaka mapazi anang'ambika. Kumgodi wa golide kumene ndinalembedwa ntchito, chifuwa changa chinakana fumbi la pansi, ndiye anandiika kunja, kunyumba yosungiramo onga wophwanyira miyala. Pambali pa nyumbayo panali milongoti italiitali. Pamwamba pa mlongoti uliwonse panali chitsulo chosongoka, ndipo kuchokera pachitsulopo waya wonenepa wamkuwa ankatsika mpaka kukalowa m'dzenje lodzaza makala. Ntchito yanga inali kupukuta polumikizira, kumanga pamene pakhwepa, ndi kuthira madzi m'maenjemo nthawi ya chilimwe. Ndinkaona ngati misala. Munthu wa ndevu zake, kuyenda ulendo wonse uja kudzathirira waya ngati mpiru!

Kapitawo wathu, a Bulaimu, Myao wachikulire, anandimva ndikung'ung'udza. "Mwana iwe, mphenzi sifuna nyumba, imafuna nthaka," anatero. "Ukaipatsa njira imadutsa, ukaitsekera imaboola yake. Chakumwambacho n'choitanira chabe. Ntchito yonse ili pansi."

Ndinavomera pakamwa pokha, mpaka tsiku limene ndinaziona ndi maso anga. Tinabisala mvula pakhumbi, kenaka kunang'anima, mlongoti unawala mbee, makutu anga n'kutsekeka. Ndinadzigwetsa pansi kudikira kuti onga uphulike utimalize. Sipanachitike kanthu. Padzenje la makala pankangofuka nthunzi. Anzanga ankaseka, ine ndinkaona denga la amayi.

Kukomboni kunali anthu ambiri koma ndinali ndekha. Munthu wokamba naye za kuzizira kwa ku Dedza panalibe. Uthenga unkabwera pakamwa pa obwera kumene, ndipo wonse unali wopempha. A Chidzanja ankafuna jekete. Ndaziona ankafuna nsalu. Ndalama zimene ndinkatumiza ndi obwerera kumudzi zinkathera kumsonkho, zotsala anagula ng'ombe imodzi yaikazi n'kuiika m'khola lomwe lija, pachitunda chomwe chija. Amayi okha sankapempha kanthu. Uthenga wawo unali umodzimodzi chaka ndi chaka: "Mukamuuze kuti dzinja lapita, ndikadalipo." Ndikamva zimenezo ndinkapsa mtima m'malo mosangalala, ngati iwo ndi mphenziyo akusewera bawo. Mitambo ikangoda ku Halale, ine kudya kunkandikanika.

Pamene mgodi unkasintha mawaya, ndinapempha kugula wakale. Anzanga ankagula zipewa ndi nsapato zoti akagwedezere mudzi, ine ndinagula mkombero wa mkuwa ndi chitsulo chosongoka. Ndinausenza pamutu njira yonse, ndipo khosi langa silinaiwalebe mpaka lero.

Kumudzi anali atayamba kale kunditcha mtchona, choncho anandilandira ndi nthungululu. Atamasula katundu anapeza bulangete la amayi, nsalu ya Ndaziona, jekete la a Chidzanja, ndi mkombero uja. Amayi a m'mudzi anauzungulira, akuusisita, ena akuyeza pamikono yawo. Ndaziona anali pafupi kuperekezedwa kwa mwamuna wake ku Mayani, ndipo ndinaona mmene ankauyang'anira.

"Uwu si wovala," ndinatero mokweza. "Ndi wa mphenzi."

Ndinadula mtengo wautali wowongoka, n'kuuimika pambali pa nyumba ya amayi kuti upitirire denga. Ndinamanga chitsulo pamwamba, kutsitsa waya, kukumba dzenje lofika m'chiuno, kuthiramo makala, n'kukwirira mkuwa wochuluka ndithu uli wopindapinda. A Chidzanja anaonerera ntchito yonse atavala jekete lawo latsopano padzuwa.

"Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa," anatero. "Anzako abwera ndi njinga, iwe wabwera ndi ndodo yotokosera Mulungu m'maso."

Ndinawafotokozera iwo, ndinafotokozera amayi, ndinafotokozera mudzi wonse mpaka m'kamwa munauma. Chakumwamba chimaitana, chapansi chimameza. Wina asakhudze. Aliyense anagwedeza mutu n'kuti, "Tamva." Ku Halale kunandiiwalitsa kuti kwathu kuno mawu amenewa ndi ulemu chabe.

Kenaka anandituma ku Mayani kukakonza za ukwati ndi akuchimuna, ndipo nkhani zake zinandisunga masiku angapo. Ndinabwerera tsiku lotsanzika mkwatibwi. Chisangalalo chinali kumunsi, pabwalo la a Chidzanja. Kunali kutentha kwa mtundu wina, ndipo pamwamba pa phiri la Dedza mitambo ya chizimalupsa, mvula yoyamba ija, inali itaunjikana bii. Ine mtima unali m'malo. Ndinayang'ana kuchitunda, mlongoti wanga uli chilili, ndinadziuza kuti lero igwe tione.

Ndaziona anatuluka m'nyumba, amayi a m'mudzi akuimba. Mikono yake inkawala kuyambira padzanja mpaka m'chigongono. Ndinayamikira nawo, ine chitsiru, kuti mlongo wanga wakongola. Atandiyandikira ndi pamene ndinaona kunenepa kwa zibangirizo.

"Zimenezi wazitenga kuti?"

"Amayi anandisulitsira, achimwene," anayankha akuyang'ana pansi.

"Ali kuti amayiwo?"

"Akwera kunyumba kukalowetsa ufa, mvula isaunyowetse."

Sindinathamangepo chotero chibadwire. Madontho oyamba anandipeza pakati pa chitunda, bingu likugunda kale mbali ya Mozambiki. Nditafika ndinapeza dzenje langa lili kukamwa, makala ali mbwee. Waya anadulidwa cha m'mapewa mwanga, ndipo nsonga yake inkalendewera, mphepo ikuikankhira kuudzu wa denga. Chitsulo chili pamwamba phee, chikuitana mlendo amene analibe kolowera.

Amayi anali m'nyumba, akuthira ufa mumtanga mosapupuluma.

"Amayi, tulukani!"

"Ndituluke mvula ikugwa? Ku Halale kwakuzunguza mutu?"

"Tulukani, ndikukupemphani!"

"Uyambe wandigwirira mphasayi."

Sindinawagwirire mphasa. Ndinawanyamula kumsana, chinthu chimene mwana wamwamuna sachita, n'kuyamba kutsetsereka nawo. Ankandimenya m'mutu ndi lichero. "Nditsitse! Ndine thumba la chimanga ine? Anthu andiona!" Tisanafike pachitsa cha msuku uja, kumbuyo kwathu kunang'anima, ndipo tonse tinagwa m'matope. Nditacheuka, denga linali litayaka. Mphenzi inatsika ndi waya monga a Bulaimu ananenera, itasowa nthaka inalumphira paudzu. Nyumba inapsa ndi ufa, ndi bulangete la ku Halale, ndi nyanga ya a Chidzanja yomwe.

Anthu anakwera akuthamanga, ukwati atausiya. A Chidzanja anafika akupuma movutikira n'kuloza mlongoti umene unali kufuka. "Zaka zonsezi nyanga yanga yasunga nyumbayi. Wabwera iwe ndi ndodo yako, waiitana." Chondipsetsa mtima kwambiri n'chakuti sananame. Mlongoti wopanda mizu umaitanadi.

Ndinatembenukira kwa amayi. "Ndinati chiyani ine? Sindinati wina asakhudze?"

"Chako chakumwambacho sitinachikhudze," anatero akupukuta matope kumaso. "Tinangotenga wapansi, amene unakwirira ngati mtembo. Amagwira ntchito yanji m'dothi?"

"Ndinakuuzani kuti ntchito yonse ili pansi! Mukanafa, amayi. Zaka zonse zija sindinkagona chifukwa cha inu."

Mawu awo anatsika. "Ndinamva, Zuze. Sindine wogontha. Koma ine ndakalamba, mphenzi ikandifuna indipeza pafupi ndi bambo ako. Nanga mwana wanga akalowe kwa eni ake mikono ili yopanda kanthu ngati kapolo, mkuwa ukuola pakhomo pa bambo ake? Akanamuseka mpaka imvi. Iwe unabwera ukuyang'ana mitambo. Mlongo wako sunamuyang'ane."

Ndaziona anali pambali akulira, akuyesa kuvula zibangiri zija kuti andibwezere, koma zinali zitagwira m'mikono. Ndinamuuza kuti azisiye, zikumukhala bwino. Sindinaname, ngakhale mtima unali ukuwirabe.

M'mawa mwake ndinakwera kuchitunda ndikuganiza kuti tsopano amayi atsikira kudambo, popeza nyumba palibe. Ndinawapeza ali ndi kamtengo m'manja, akujambula pansi malo a nyumba yatsopano, phulusa lisanazizire n'komwe, pamalo omwewo.

"Khomo liyang'ane kukhola," anatero osandicheukira. "Ndipo ndodo yakoyo uibwezeretse. Ndaona kuti mphenzi imaimvera."

Waya wotsala sakanafika pansi. Ndinagwetsa mlongoti, kuwamangira nyumba, ndipo dzinja litatha ndinauyambanso ulendo wa ku Halale, ndikutukwana chamumtima njira yonse. Pobwerera kachiwiri ndinasenza mikombero iwiri, wina wa mphenzi, wina wa mikono. Wa mikonowo ndinaupereka kwa amayi ndisanakhale n'komwe pansi.