Pansiti wa Manang Medy

Kuno ku Winnipeg ukafunsa za Remedios Tabangcura anthu angokuyang'ana. Koma unene kuti Manang Medy wa pansiti, aliyense wochokera kwathu ku Ilocos akulozera nyumba yake, ena mpaka akutuma kuti ukawatengere mbale yawo imene idakali komweko. Manang ndi mmene timaitanira mkazi wotiposa msinkhu, koma Medy anayamba kutchedwa choncho adakali mtsikana, chifukwa cha kulamula.

Ndi wamfupi, ndipo amayenda ngati wasiya mphika pamoto. Kwathu ku Philippines anali namwino pachipatala chachikulu cha m'chigawo chathu. Amati ankapeza mtsempha pamkono wa khanda ngakhale magetsi atazima. Zimenezo amanena ndi mwini wake, ife sitinaone, koma sitimutsutsa poti timadya kwake.

Atafika kuno ndi mwamuna wake Ambo, anauzidwa kuti unamwino wa kwathu suwerengedwa mpaka ataphunziranso ndi kulemba mayeso a kuno. Ana anali aang'ono, m'nyumba munkafunika chakudya, ndiye analowa ntchito imene ambiri a ife tinayambira: wothandizira panyumba yosungirako okalamba. Ankawasambitsa, kuwadyetsa, kuwasintha matewera, kuwatembenuza kuti asachite zilonda. Kupereka ngakhale m'bulu umodzi wa mankhwala a mutu sankaloledwa. Iye ankati ndi za chaka chimodzi chokha. Zinatha zaka zisanu ndi zinayi.

Anthu okalamba sasiyanitsa mayunifolomu. Aliyense wodutsa pakhomo amamuitana kuti, "Anesi!" Medy akaitanidwa choncho ankayankha kuti, "Dikirani ndikawaitane," n'kupita kukafuna namwino. Chaka choyamba mawu amenewa ankamuwawa kwambiri, moti nthawi zina ankakalirira m'chipinda chosungiramo nsalu zoyala. Kenako anazolowera, mawuwo n'kumangotuluka okha ngati moni. Tsiku lina Ambo anamuitana mwanthabwala ali kukhitchini kuti, "Anesi, mchere uli kuti?" Medy anayankha kuti, "Dikirani ndikawaitane," osadziwa n'komwe kuti wanena chiyani. Ambo sanaseke.

Kunyumba ya okalamba kuja n'kumene dzina la pansiti linachokera. Nkhalamba iliyonse ikafika pa tsiku lake lobadwa, Medy ankabwera ndi thireyi ya pansiti, tizingwe tathu titalititali ta ufa wa mpunga tokazinga ndi nkhuku, kabichi ndi karoti. Kwathu tsiku lobadwa popanda pansiti si tsiku lobadwa, chifukwa kutalika kwa tizingweto ndiko kutalika kwa moyo. A kukhitchini ankaumirira kutiduladula kuti okalamba asatsamwe, Medy n'kumaimirira pambali manja ali m'chiuno. "Dulani, dulani," ankatero. "Mukudula zaka za eni ake, ine sindikhalamo."

Za mmene anabwerera kusukulu ndinene mwachidule, poti nkhani yake ndi ya tonsefe. Mayeso a Chingelezi anamugwetsa kawiri, munthu woti tsiku lonse amalankhula Chingelezi ndi anthu ogontha. Ambo, amene amagwira ntchito pafakitale ya mawindo, anaphunzira kuphika, ndipo ana anapirira mpunga wake wopserera. Medy anakhoza mayeso omaliza imvi zitayamba kale, ndipo chipatala china chachikulu chinamulemba ntchito m'wodi ya akuluakulu. Tinavina kuholo ya tchalitchi mpaka nsapato kutithina.

Koma iye mumtima munali mantha, ndipo ankadziwa ndi Ambo yekha. Mutu unali utakhoza, nanga manja? Kusukulu ankabaya mkono wa labala, ndipo mkono wa labala sugwedezeka, sutukwana. Madzulo Ambo akamaonera mpira wa basiketi pa kanema, Medy ankamugwira mkono n'kumafufuza mitsempha ndi chala.

"Iwe, ndisiye," ankatero Ambo. "Mitsempha yanga ili ngati zingwe zomangira ng'ombe, angaiphonye ndani?"

"Ndiye vuto lake limenelo. Ukanakhala wowonda ukanandithandiza."

"Manja saiwala."

"Ako ndi amene saiwala. Anga akhala zaka zonsezi akupukuta anthu kumbuyo."

Tsiku loyamba kulowa m'wodi, maphunziro olandirira antchito atsopano atatha, Medy anadzuka m'mamawa n'kuyatsa moto. Munthu sungafike pagulu la anzako atsopano chimanjamanja. Anakazinga thireyi yodzaza, n'kuikapo mandimu odula bwino, Ambo n'kukamutula pachipatala chisanu chikuwomba pagalasi la galimoto.

Amene anapatsidwa kuti azimuyang'anira masabata oyambawo anali Girlie Dumlao, wa kwathu komwe, wochepa kwa Medy ndi zaka khumi, mkamwa mwake mopanda chitseko. Anakumana m'kachipinda kopumulira anamwino. Medy anaika thireyi patebulo monyadira, Girlie n'kuvundukula.

"Mayo ine! Manang, takulakwirani chiyani?"

"Bwanji, ading?" Medy anamuitana monga timaitanira wamng'ono. "Mchere wachepa?"

"Pansiti? M'chipatala? Ntchito isanayambe n'komwe?"

Nthawi yomweyo analowa Colleen, namwino wachizungu amene wakalambira m'wodi imeneyo. Atangoona thireyi anabwerera chambuyo. "Ayi, ayi, ndani wachita zimenezi? Bisani msanga. Ine ndimafuna kuweruka pa nthawi yake lero."

Apa m'pamene Medy anakumbukira. Namwino aliyense wa kwathu amadziwa kuti chakudya cha tizingwe sichilowa m'wodi. Zomwe zimatalikitsa moyo pa tsiku lobadwa, m'chipatala zimatalikitsa ntchito: odwala amangobwera motsatizana ngati tizingwe tosaduka. Musandifunse ngati n'zoona. Tonsefe tinapita kusukulu, tonsefe timati n'zopusa, koma palibe amene amayerekeza. Medy yemweyu, adakali kwathu, anathamangitsapo mwana wa sukulu ya unamwino amene anabwera ndi supageti m'chikwama.

"Safunsa anadya phula, Manang," anatero Girlie akukankhira thireyi kunsi kwa filiji, kuseri kwa mabotolo a madzi. Ankaseka, Colleen nayenso ankaseka. Medy anayesa kuseka nawo koma zinakanika. Chimene chinamupweteka sikuti anzake amunena. Chinali chakuti chinthu chodziwika ndi mzungu yemwe, iye chinali chitamuchokeratu m'mutu. Anadzifunsa kuti ngati waiwala chimenechi, china chimene waiwala osadziwa n'chiyani?

Filiji isanatsekeke bwino, foni ya patebulo la anamwino inalira. Girlie anangomuyang'ana Medy.

Inali nyengo ya chimfine choopsa chija chimene chimagwetsa okalamba m'miyezi yozizira. Bedi likangotsala lopanda munthu, a kumalo olandirira odwala mwadzidzidzi ankaimba kuti tikubweretsa wina. Mabelu ankalira mbali zonse. Girlie akamadutsana ndi Medy m'khonde ankangonong'ona kuti, "Pansiti," n'kupitirira. Medy ankathamanga, kuyeza, kulemba pa kompyuta ndi zala ziwiri, kupereka mankhwala atawerenga dzina katatu. Nthawi ya nkhomaliro inadutsa osaiona.

Cha kumasana anabweretsa Bambo Prokop, nkhalamba yochokera kunyumba ina yosungirako okalamba. Anali atauma thupi, milomo itang'ambika, mutu utasokonekera. Dokotala analamula diripi.

"Bayani, Manang," anatero Girlie. "Ine ndingoona."

Medy anamanga lamba pamkono. Khungu linali lopyapyala, mitsempha yake itabisala. Anafufuza, anaona ngati waupeza, n'kulowetsa singano. Nkhalambayo inakuwa n'kukoka mkono, pamalopo n'kutupa kabuluu. Inatukwana m'chinenero cha makolo ake, ndipo ngakhale Medy sanamve mawuwo, tanthauzo lake silinasowe womasulira.

"Palibe kanthu," anatero Girlie, tsopano mopanda nthabwala. "Kuno timayesa kawiri. Mukaphonyanso ndibaya ine, si mlandu."

Kwa Girlie sunali mlandu. Kwa Medy unali mlandu wa zaka zisanu ndi zinayi, wa mpunga wopserera wa Ambo, wa gule yense uja tinavina kuholo. Ankadziwa kuti akabaya ali ndi mantha oterewa aphonyanso.

Ndiye anaika singano pansi. Sanaganize zambiri, thupi linangochita zimene linazolowera. Munthu wokalamba akamamenya, Medy ankadziwa kuti kawirikawiri ndi mantha, ndipo ukamuimirira pamutu mantha amakula. Anakoka mpando n'kukhala, nkhope yake kutsika kuposa ya wodwalayo. Anatsegula kachikwama kamene a kunyumba kuja anatumiza. Magalasi anali m'thumba la malaya, mano oikirira ali m'kabokosi kake. Anawatsuka n'kumuveka zonse. Munthu amene anali ngati chinthu chongoponyedwa pabedi anasanduka bambo wina wake wa nkhope yaukali, woyang'ana amene akumulankhula.

"Manja anuwa ndi ozizira, bambo," anatero Medy. Anapempha Girlie thaulo lofunda la m'kabati yotenthetsera, n'kukulunga mkono winawo. "Koma ndi manja a ntchito awa. Munkalima?"

"Ng'ombe," inatero nkhalambayo. "Zamkaka."

"Oo, ndiye simunkagona inu. Yovuta kwambiri inali iti?"

Inalipo. Dzina lake linali Duchess, ndipo inkaponda chidebe dala mkaka ukadzadza. Bambo Prokop anayamba kuinena ng'ombeyo ndi mkwiyo watsopano, ngati yamulakwira m'mawa womwewo. Girlie ankayang'ana wotchi, belu likulira kuchipinda china, koma anatseka pakamwa, chimene kwa Girlie ndi nsembe yaikulu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Medy atachotsa thaulo, kamtsempha kamodzi kanali katadzuka pamwamba pa dzanja chifukwa cha kutentha. Anakagwira ndi chala, n'kukoka khungu pang'ono.

"Kakulumani kaudzudzu, bambo. Ndiye Duchess munamugulitsa?"

"Kugulitsa? Ndani akanagula satana ameneyo?"

Magazi anaonekera kumbuyo kwa singano, kadontho kofiira kamene Medy anali asanakaone pamkono wa munthu wamoyo chichokereni kwathu. Anakankha kapaipi, kanalowa bwinobwino. Madzi anayamba kudontha.

Mwina mumtima Medy ankayembekezera kwaya yomuyamikira. Chimene anamva ndi Girlie akunena ali kale pakhomo kuti, "Yalowa. Matani bwino, kenako mupite kwa mayi a pawindo aja, asanzanso."

Anaweruka mochedwa, kunja kutada kale monga kumachitira m'nyengo yachisanu. Atapereka odwala kwa anzawo a usiku, onse anakathera m'kachipinda kopumulira, njala itawapha. Ntchito ikatha lamulo lija limathanso. Girlie anatulutsa thireyi kuseri kwa mabotolo, ndipo palibe amene anadikira kuti itenthetsedwe.

"Mwatizunza lero, Manang," anatero Girlie pakamwa podzaza. "Miyendo yanga ndikutumizirani kunyumba kwanu mukaisisite."

"Ukudya kapena ukudandaula? Sankha chimodzi."

"Zonse. Mukadzabweretsanso ndikakunenezani kwa wansembe."

Colleen anabwereza mbale yachiwiri n'kufunsa ngati zotsalazo angatengere mwamuna wake. Onse anamunena Medy mpaka thireyi kuyera, ndipo iye anamva kukoma, chifukwa mlendo sanenedwa chotero. Ndiye chifukwa chake dzina limene linayambira kwa okalamba linafika m'chipatala tsiku loyamba lomwelo, ndipo silidzachokanso.

Anavala chijasi chake, n'kukulunga mpango m'khosi, thireyi yopanda kanthu ili m'khwapa. Ambo anali atatumiza kale uthenga kuti ali panja, galimoto ikulira kuti isazizire. Podutsa m'khonde anamva mawu kuchokera m'chipinda cha Bambo Prokop.

"Anesi!"

"Dikirani ndika..."

Anali atatembenukira kale kutebulo la anamwino, phazi limodzi lili m'mwamba. Anaima pomwepo. Misozi inalengeza, iye amene sanalire ngakhale tsiku limene anakhoza mayeso. Anaika thireyi pampando wa m'khonde, n'kusamba m'manja ndi mankhwala a pakhomo, n'kulowa.

Bambo Prokop anamuyang'ana kudzera m'magalasi, chijasi, mpango ndi chipewa chomwe.

"Ndimafuna anesi," anatero. "Chinthuchi chikundikoka. Ndinu anesi inu?"

"Eya, bambo," anatero Medy. "Ndine. Tabweretsani dzanjalo ndione."