Botolo la apongozi

Chaka chimene impso za amuna anga zinasiya kugwira ntchito, ine ndinasanduka mkazi woipa mtima m'mudzi mwathu kwa Kaduya. Mlandu wanga unali wokana mabotolo.

Kawiri pa sabata tinkakwera kabaza mpaka pa Boma, kenako minibasi ya ku Blantyre, kuti akawalumikize ku makina osefa magazi. Ulendowo unkawatopetsa, koma chowazunza chenicheni chinali kuyabwa. Ankadzikanda ndi chitsononkho mpaka msana kuchucha magazi, malaya n'kumamatira pa zilonda. Nesi wina anandikokera pambali n'kundiuza kuti m'magazi mwawo mwachuluka mchere wotchedwa fosifolasi, umene impso zamoyo zimataya koma makina sachotsa wonse.

"Ukachuluka umayabwitsa thupi, umadya mafupa, umaumitsa mitsempha," anatero. "M'zakumwa zakuda zija za m'mabotolo ulimo wambiri. Asalawe n'komwe, mayi."

Ndiye tangoganizani. Kwathu munthu sakazonda matenda chimanjamanja, ndipo mphatso ya wodwala ndi yomweyo: botolo la zoziziritsa kukhosi ndi mabanzi awiri. Amalitsekula pamaso panu, alaweko pang'ono kusonyeza kuti mulibe choipa, n'kupatsira wodwala. Kulikana ndiye kuti mwamunena kuti wathiramo mankhwala. Amayi a kumpingo ndinawafotokozera za fosifolasi mpaka kukhosi kuuma. Ankangoti "oho", akafika pachitsime n'kumati mkazi uja akufuna mwamuna afe ndi ludzu. Ndinkapsa mtima, sindibisa, ndipo ena ndinawayankha mawu amene sindingawabwereze.

Tsiku lina Loweruka kunabwera apongozi anga, mayi awo a bambowo. Amuna anga anali mkamwini pakwathu, choncho mayiwo anali mlendo pakhomo panga. Anayenda wapansi kuchokera kwa Mkhumba, munthu wamkulu wa miyendo yotupa, botolo atalikulunga m'chitenje chonyowa kuti lisatenthe. Anakhala pamkeka, analitsekula ndi mano amene anatsala, analawako, n'kulitambasulira mwana wawo.

Ndinaona dzanja la amuna anga likunyamuka. Miyezi itatu anali asanalawe, ndipo sabata imeneyo n'kuti zilonda zitayamba kuuma. Ndinalilanda lili m'malere.

"Amayi, pepani, izi adokotala analetsa."

"Analetsa za anthu ena," anatero m'Chichewa chawo chokoka Chilomwe. "Ili labwera ndi ine amene ndinamubereka."

"Likhale la ndani, mkati mwake n'chimodzimodzi. Liwapweteka."

Pamenepo ndi pamene ndinalakwitsa. Ndikanati amwa madzulo, n'kukalitaya kuseri, nkhani ikanathera pomwepo. Koma ndinali nditatopa, ndinali nditachapa malaya a magazi m'mawa womwewo, ndipo pakamwa panga sipachedwa.

"Liwapweteka," anabwereza mawu anga pang'onopang'ono. Anatembenukira kwa mwana wawo. "Nawenso ukuti ndabwera kudzakupweteka?"

Amuna anga anayang'ana pansi, akudzikanda pamkono. Sanandiikire kumbuyo, sanawaikirenso mayi awo. Apongozi anandilanda botolo lija m'manja, namwa lonse mpaka dontho lomaliza tikuonerera, kuti tione ngati agwe. Kenako analiika chozondotsa pamkeka, anamanga chitenje, ulendo. Ndinawatsatira mpaka kumsewu ndikupepesa, ndinagwada m'fumbi anthu akuona. Sanacheuke.

Tinatumako ankhoswe kawiri. Yankho linali lakuti sangapondenso pakhomo pamene anatchedwa mfiti. Amuna anga analibe mphamvu zoti n'kukafika kwa Mkhumba. Zimene anali nazo zinkathera pa ulendo wa ku makina. Akamva sitepe pabwalo ankadzutsa mutu, akaona kuti ndi wina n'kugonanso. Sanandidzudzulepo ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo zinkandiwawa kuposa akanandikalipira.

Kuchipatala zinthu zinkaoneka bwino. Atayeza magazi, nesi uja anandigwira paphewa n'kunena kuti fosifolasi watsika, akazi ena atengere chitsanzo kwa ine. Khungu linapola. Anasiya kudzikanda, nayamba kugona tulo.

Anakhala miyezi ina isanu ndi iwiri, kenako mtima unaima tili m'minibasi pobwerera. Apongozi anabwera pa maliro. Analowa m'nyumba osandiyang'ana, anavundukula nsalu, nasisita mkono wa mwana wawo nthawi yaitali.

"Zilonda zinatha," anatero osatembenuka. "Munamusamala."

Mpaka lero sindidziwa ngati ankandiyamikira.