Milu ya Mtedza m'Lichero

Ine sindinapite kusukulu. Izi ndikulankhula ndi pakamwa, akulemba ndi mayi wina wa kumpingo kwathu, ndipo ndamuuza kuti asakongoletse kalikonse.

Ndinabadwira pa famu ya fodya kuno ku Zimbabwe. Makolo anga anachokera ku Malawi, koma ine dzikolo sindinalipondepo. Chimene anandisiyira ndi chilankhulo basi. Bambo a kunyumba ali moyo, tinkacheza m'Chichewa, kukangana kwake m'Chichewa momwemo. Atamwalira, ndinatsala ndi adzukulu amene amandimva bwinobwino koma amayankha m'Chishona. Ukafunsa kuti, “Ukupita kuti?” yankho lake n'lakuti, “Ndiri kuenda kuMakoni, gogo.” Pamsika pa Huruyadzo, pamene ndimagulitsa mtedza wokazinga, n'chimodzimodzi. Anzanga amene tinkalankhulana nawo anatha mmodzimmodzi.

Mdzukulu wanga wamkazi, amene ndimakhala naye ku St Mary's, anapeza ganyu ya pa foni. Anthu ena akutali ankapanga gemu, ndipo ankafuna anthu oiyesa isanatuluke. Tsiku lina anabwera akuseka, nati eni gemuyo akufunanso okalamba osadziwa kuwerenga, kuti aone ngati zithunzi zokha zingamuuze munthu chochita. Ndinati, “Ha! Umbuli wanga wapeza ntchito lero?”

Gemuyo inali ya mbuzi. Anthu awiri, wina kuno wina kutali, ankathandizana kulowetsa mbuzi m'khola mvula isanagwe. Wina ankakusa, wina ankagwira chitseko, ndipo munkamvana mawu. Masana alionse mdzukulu ankandikhazika pakhonde, foni m'manja, iye n'kumalemba pamene chala changa chasokonekera. Masiku oyamba anandiphatikiza ndi anthu olankhula Chingerezi. Sitinkamvana, mbuzi n'kumabalalika.

Kenako tsiku lina kambuzi kakuda kanathawira kumtsinje. Ndinaiwala kuti wina akumva, ndinakalipa. “Iwe! Bwerera kuno, chimutu ngati mbuyako!”

Foni inaphulika ndi phwete. Mawu a mayi wachikulire anati, “Kodi ndani uyo akutukwana mbuzi za eni ake?”

Ndinati, “Pepani, ndine. Kodi inu muli kuti?”

“Ndili ku Dedza, achemwali. Tsekani chitsekocho, zikutuluka!”

Nawonso anawalowetsa ndi mwana wawo, nawonso pensulo sanaigwirepo. Eni gemu anaona kuti tikugwirizana, anatisiya limodzi. Mayina sitinafunsane. Munthu wamkulu sumufunsa dzina ngati mwana wa sukulu. Tinkangoti achemwali, achemwali, ndipo zinkakwana.

Kunena zoona, tinali oyesa oipa. Mbuzi zinkadya chimanga cha m'gemumo ife tili pa nkhani ya maondo opweteka. Ankandiseka kuti Chichewa changa n'chachikalekale, chonga cha agogo awo, ndiponso kuti ndimaponyamo Chishona osadziwa.

“Achemwali, munthu wa imvi n'kumati mangwana? Mawa, achemwali, mawa!”

“Inu mbatata zanuzo zakuumitsani mutu,” ndinkawabwezera. Ankaseka mpaka kutsokomola.

Anandifotokozera za phiri la kwawo ndi kuzizira kwake. Ine ndinawauza za bambo a kunyumba, mmene anadwalira, zimene ndinali ndisanauzepo munthu chifukwa m'Chishona sizinkatuluka bwino. Iwo anangoti, “Pepani, achemwali. Lirani, mbuzi ndikuonerani.”

Mdzukulu anandiuza ndithu kuti kuyesako kutha Lachisanu. Ndinamva, koma ndinkaganiza kuti n'kutha konga kwa msika: madzulo mwalongedza, mawa mwayalanso. Sindinadziwe kuti akatseka, atseka zonse.

Lachisanulo mdzukulu anapita ku Town Centre kukafunsira ntchito ina. Ananditsegulira gemu, n'kundisiya pakhonde ndikuswa mtedza. Kumwamba kunali kutada. Achemwali atalowa sanaseke.

“Mwana wanga akuti lero ndi lomaliza. Akuti sitidzapezananso muno. Muli ndi wokulemberani nambala?”

Ndinayang'ana uku ndi uku. Kwa aneba kunali kotseka. Ndinati, “Nenani pang'onopang'ono, ndiika ndi mtedza.”

Ndinakhuthula lichero. Akati naini, ine n'kuwerenga njere zisanu ndi zinayi, n'kupanga kamulu m'licheromo. Akati thuu, njere ziwiri. Pa ziro ndinaika chitsekerero cha botolo. Tinabwereza kawiri, ine ndikuloza mulu uliwonse, iwo akuvomera. Mwana wawo ankawanong'oneza kumbali. Achemwali anandipempha nambala yathu, koma nambala ya mdzukulu sindinkaidziwa. Ndinati, “Musadandaule, akangofika tikuimbirani.”

“Mukachedwa ndikunenezani kwa mbuzi,” anatero. Tinalowetsa mbuzi zonse m'khola tsiku limenelo, koyamba osatayako ngakhale imodzi. Kenako chithunzi chinazima.

Ndinakhala pomwepo kulondera lichero lija ngati mwana wodwala. Posakhalitsa mphepo inakuntha, madontho akuluakulu n'kuyamba kulowa pakhonde. Moyo wanga wonse, mvula ikagwa ndimathamangira mtedza. Manjawa sanandifunse. Ananyamula lichero, ndinalowa nalo m'nyumba, ndipo pamene mutu unkakumbuka, njere zonse zinali zitagubuduzikira mbali imodzi, chitsekerero chili pamwamba.

Mdzukulu anandipeza nditakhala pansi, lichero pamiyendo. Ndinakumbukira nambala zoyambirira zitatu zokha. Anayesa kuphatikiza zina, tinaimbira anthu osawadziwa, wina mpaka anatikalipira. Analembera eni gemu aja. Anayankha mwaulemu kuti anawalonjeza oyesa onse kuti sadzapereka nambala ya munthu kwa wina. Sindiwaimba mlandu. Analonjeza, ndipo anasunga.

Chimene chimandiwawa n'chakuti achemwali kumeneko anadikira. Mwina anakhala ndi foni tsiku lonse, n'kumati mayi wa ku Zimbabwe uja anali wabodza.

Patapita miyezi gemuyo inatuluka. Mdzukulu anandiikira. Mbuzi n'zomwezo, kakuda kaja kakuthawirabe kumtsinje, koma anthu adzazamo ambirimbiri ndipo tsiku lililonse amakupatsa wina. Ndikalowa ndimati, “Achemwali, ndi inu?” Ena amaseka, ena amachokamo.

Mtedza uja sindinakazinge. Uli m'chitini pamwamba pa kabati, pamodzi ndi chitsekerero chake. Tsiku lina mdzukulu anandiona ndikuutsitsa, anakhala pambali panga, nayesetsa Chichewa ndi lilime lake lolemeralo. “Agogo, musalire. Mawa tidzayesanso.”

Anati mawa, sanati mangwana. Ndinamugwira dzanja. Koma nkhani zimene ndinkauza achemwali aja iye sangazinyamule, ndipo tonse awiri tikudziwa.